Kompyuta Yosaiwala

Sabrina anali atangomaliza kukulitsa zilembo pa kompyuta pamene a Fakiri anakoka mpando n'kutsitsa mawu.

"Mwanawe, ungaikonze kuti iziiwala?"

"Iziiwala chiyani, bambo?"

"Zonse. Munthu akachokapo, wobwera pambuyo asapeze kanthu."

Munali mu 2003, ndipo kompyutayo inali yokhayo mu ofesi ya bungwe la alimi a mpunga pa boma la Nkhotakota. A Fakiri, mkulu wa ofesiyo, ankakhalapo m'mawa. Nthawi yotsalayo inali ya Sabrina, mlembi wawo. Iyeyo ndiye anakonza kuti bulawuza, pulogalamu yotsegulira intaneti, izisunga chilichonse: masamba, mayina, ngakhale mawu achinsinsi. Intaneti yodzera pa waya wa telefoni inkachedwa kale, ndiye munthu n'kumalembanso zomwezomwezo tsiku ndi tsiku?

Koma a Fakiri sanali bwana chabe. Anali amuna a mayi ake aang'ono, amene anamulera Sabrina kuyambira ali sitandade 3. Ndipo mwezi wonsewo bambowa anali atasintha. Akakhala pa kompyuta ankatseka chitseko. Wina akagogoda, ankadzidzimuka n'kutembenuzira sikirini kukhoma. Tsiku lina anatulukamo akuseka okha, akupukusa mutu.

Sabrina sanavutike n'kuganiza. Pali mkazi basi. Mwinanso wa ku Dwangwa, kumene a Fakiri ankapita kumisonkhano yosatha ija.

"Chabwino, bambo," anatero. Anatsegula pamene pamakhala zosintha, n'kudina apa ndi apo ndi nkhope ya katswiri, koma sanasinthe kanthu ngakhale kamodzi. A Fakiri anathokoza kawiri.

Mawa lake, a Fakiri atangonyamuka kupita kumzikiti kukaswali masana, Sabrina anathamangira pa kompyuta. Anatsegula mndandanda wa masamba onse amene analowedwa m'mawawo. Panali tsamba la zanyengo, lina la mbewu za mpunga, ndi la maimelo lomwe ankalowapo onse awiri. Dzina la mkazi panalibe.

Munthu woti mausi ya kompyuta amaigwira ndi manja awiri angachenjere chonchi? Ndiye kuti wina akuwaphunzitsa kufufuta. Mkazi yemweyo. Ndiye kuti ndi wophunziranso.

Anali akadayang'anitsitsa sikirini pamene a Fakiri analowa.

"Sunaikonze," anatero modekha. "M'mawa muno yakumbukiranso."

Sabrina anadzuka pampando. Ulemu ndi ulemu, koma mayi ake aang'ono anali atakhala ndi bambowa zaka makumi awiri ndi zisanu, osawapatsako ndi diso loipa lomwe.

"Bambo, mundikhululukire. Kodi mukubisa chiyani? Ine madzulo ano amayi ndikawayang'ana bwanji?"

A Fakiri anavula kofiya, n'kukanda dazi, maso ali kudenga ngati yankho lalembedwa pa malata.

"Ine ndilibe chobisa, mwanawe. Koma ndikati ndione imelo yanga, chinthuchi chimangondilowetsa m'bokosi lako. Mwezi wathunthu ndikulonjeredwa ndi makalata a mnyamata wina dzina lake Yasini. Ukamuuze atumize amalume ake kunyumba. Ine kutchedwa wapamtima m'mawa uliwonse kwandikwana."