Madzi Oyera Mbee a ku Hewe

Panali munthu wina ku Hewe, dzina lake Hezron Kumwenda, mlimi wa fodya. Mkazi wake anali Kezia, koma aliyense ankangomuitana kuti NyaChirambo. Anali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana ka sitandade wanu, Watipaso. Nkhaniyi inachokera kwa munthu wa m'mudzi momwemo.

Chaka chimenecho mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Mtsinje unasefukira n'kukokolola mlatho, mudzi unatsala pawokha. Zimbudzi zinagumuka, mjigo unamira m'matope. Mwayi wake, zinthu zisanafike poipa, mlangizi wa zaumoyo, a Overton, anali atagawa kulorini khomo ndi khomo.

Pa Hezron panali mlendo, venda wogula fodya amene madzi anamutsekera njira. Anali munthu wa pakamwa potsekemera. Ataona NyaChirambo akufuna kuthira kulorini mu ndowa, anapukusa mutu.

"Adada, mwati mwana muli naye mmodzi yekha? Ndiye mukudabwa chiyani? Mankhwala awa amatseka mimba, amaphanso mphamvu za abambo. Ine ndayenda chomene, ndikudziwa."

Mawuwo anamulasa Hezron pabala. Kwa zaka zambiri ankalakalaka mwana wachiwiri, ndipo abale ake anali atayamba kumunena. Analanda botolo la kuloriniyo m'manja mwa mkazi wake n'kukhuthulira pansi.

Mlendoyo anaboola chigubu kunsi, anaikamo nsalu, mchenga ndi timakala tozima ta pamafuwa. Anathira madzi ofiira a kumtsinje, ndipo anatuluka oyera mbee.

"Yewo, adada, mwatithandiza," anatero Hezron.

NyaChirambo sanakondwe. "Bambo a Watipaso, madzi awa adutsa m'zimbudzi za mudzi wonse. Nsalu yachotsa matope okha. Bola tiwiritse."

"Tiwiritsa ndi chiyani? Nkhuni zonse zanyowa."

"Mitengo ya m'chigafa ndi youma."

"Ndigwetse chigafa fodya ali momwemo? Chaka chonsechi tidzadya chiyani? Taonani madziwo mmene ayerera."

Mayiyo anayesa kusonkha moto ndi zitsononkho, koma zinangofuka utsi, madzi anangofunda. Mwana ankalira ludzu. Hezron anatunga yekha m'chigubu muja, anamwa kuti mkazi wake aone, kenaka anamwetsa mwana.

Mlendo uja atamva kuti njira ya kumapiri ikudutsika, anakoleka chikwama chake n'kupita. Palibe anamuonanso.

Pasanapite nthawi Watipaso anayamba kutsegula m'mimba. Zotuluka zinali ngati madzi otsukira mpunga, kusanza osalekeza. Maso analowa m'kati, milomo inauma gwa. Hezron nayenso m'mimba munayamba kupota, koma iye anali wamkulu, thupi linapirira.

NyaChirambo sanamutukwane. Anangoti, "Ndikufuna madzi owiritsa, ndimupangire a mchere ndi shuga."

Apa Hezron anatenga nkhwangwa n'kulowa m'chigafa. Mitengo inagwa, fodya yense anagwera m'matope, iye osacheuka. Moto unayaka, madzi anawira. Koma chilichonse chimene mwana ankamwa chinkabwerera pompo.

Hezron anakwera pachulu pamene foni inkagwira, anaimbira a Overton amene ankakhala tsidya lina la mtsinje, pafupi ndi chipatala.

"Ambulansi ya ku Boma singafike, msewu waduka," anatero a Overton. "Bwerani naye kumtsinje, ine ndikubwera ndi madiripi. Mwina tipeza podutsa."

Hezron anamubereka mwana kumsana, mkazi wake akutsatira ndi ketulo. Atafika pamene panali mlatho, anapeza madzi akukokoma, akugubuduza mitengo yathunthu ndi mbuzi zakufa. Tsidya lina a Overton anaima ndi chikwama chawo, akuoneka bwinobwino, ngakhale mtundu wa malaya awo. Ankakuwa, koma mawu ankamezedwa ndi madzi.

A Overton anamanga timapaketi ta mankhwala pamwala n'kuponya. Mwala unagwera pakati pa mtsinje. Anamanganso tina pamwala wina. Unagwera pomwepo. Anyamata a tsidya lija anabwera ndi chingwe, koma chinaperewera.

Hezron anamanga mwana kumsana ndi chitenje n'kulowa m'madzi. Asanafike n'komwe pozama, madzi anamupepesula, iye n'kugwira tsinde la bango. Amuna a m'mudzi anamukokera kumtunda.

"Mufera limodzi, a Kumwenda. Dikirani aphwe."

"Aphwa liti?"



Anakhala pamtunda pomwepo, NyaChirambo atamufungata mwana, akumudonthezera madzi ndi supuni. Hezron ankayenda uku ndi uku m'mbali mwa mtsinje kufuna posaya, n'kubwerera, n'kupitanso. Watipaso anatsegula maso, anayang'ana bambo ake.

"Adada, ludzu."

Hezron anagwada, anatenga supuni m'manja mwa mkazi wake n'kumumwetsa. Madzi anangotsikira m'mbali mwa kamwa. Dzuwa lisanapendeke mwana anali atatsirizika. Tsidya lina a Overton anaika chikwama pansi, anavula chipewa.

Maliro anaikidwa mwamsanga monga amachitira ndi matenda otere. Abale a NyaChirambo a ku Nchenachena sanafike, abusa sanafike. Mkulu wa mpingo wa m'mudzimo ndiye anapemphera, anthu ataima patali. Pa tsiku limene ankachotsa masamba a maliro pamsewu, mtsinje unali utaphwa. Ana asukulu ankawoloka atangokwinya mayunifolomu m'mawondo.

Phunziro: Madzi kuyera sikuti ndi abwino kumwa. Nsalu, mchenga ndi makala zimachotsa matope, koma tizilombo timadutsa. Madzi akasefukira, sefani kenaka wiritsani mpaka abwadamuke, kapena thiranimo kulorini monga anenera a zaumoyo. Musataye malangizo a chipatala chifukwa cha mlendo wodutsa. Fodya amalimidwanso, mwana sabwerera. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu mokha, itumizeni kwa abale ndi anzanu mvula isanayambe.