Kolala ya Khwangwala ndi Mlomo wa Gogomole

Padangotero, nyama zinatopa ndi kugula nyumba zosachedwa kugwa. Zinagwirizana kuti wonena mtengo wa nyumba azikhala ndi chiphaso, ndipo Njovu anaitanitsa mayeso.

Opikisana anali Khwangwala ndi Gogomole. Tsikulo ngakhale Fulu anathamanga kukaonerera. Nyumba yoyesera inali ya Fisi, yozira bwino, imene Nungu ankafuna kugula.

Khwangwala anakonza kolala yake yoyera, natera padenga.

"Matumba makumi awiri a chimanga," iye anatero. "Ife ophunzirafe timangoyang'ana kamodzi."

Nyama zinaomba m'manja, Nungu n'kuitanitsa ngolo.

Gogomole analowa m'kati, nagogoda nsichi iliyonse mpaka mzati. Anatuluka kukamwa kuli chiswe chokhachokha.

"A Nungu, musapereke ngakhale chitsononkho. Inu a Khwangwala, tsikani msanga."

"Ndimvere mbalame yopanda kolala?" anayankha Khwangwala, akudumphadumpha padengapo kuti onse aone kulimba kwake.

Nyumba ija inangoti gumu, fumbi koboo! Fisi analiyatsa liwiro, ndipo Njovu anapereka chiphaso kwa Gogomole.

Mpaka lero Gogomole salowa paliponse asanagogode. Khwangwala kolala akadali nayo, koma amayendera za kudzala.