Khwangwala Agawa Malo Kudambo

Padangokhala mzinda wa mbewa, umene udakula mpaka eniake kusowa pokumba mauna. Mtsogoleri wawo Khwangwala, wa kolala yoyera uja, adauyendera ali m'mwamba n'kuloza kudambo: "Kakumbeni uko, n'kosalala."

Chule adati, "Bwana, tsikani mupondepo kaye. Ine ndidabadwira momwemo. Madzi saiwala khwawa."

"Iwe wamatope ungandiphunzitse mapulani?" adatero Khwangwala, n'kubwerera panthambi yake.

Mvula itagwa, mauna onse adadzaza madzi. Apo m'pamene Khwangwala adaponda dambolo koyamba, ati kudzapepesa maliro. Chule adamuona akumeza tiana ta mbewa tomirato, kamodzikamodzi, kolala ili mbuu.

Mpaka lero Chule amalalata mvula ikagwa, koma mbewa zimasankhabe kolala.