Manja a Chimbudzi

Abednego, wapampando wa komiti ya chitukuko pa Mitundu, ankafunsa anthu maganizo kwinaku akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Matipate yabwera, ndalama za chitukukozi musankha ntchito yake ndinu. Ofuna chimbudzi mumsika, manja m'mwamba!"

Zipora wogulitsa mandasi, yemwe mwana wake anali atangochira kolera, anakweza onse awiri. Wojambula anawatola chithunzi.

Chomwe chinamangidwa ndi ofesi ya komiti. Chithunzi chija chinatuluka m'nyuzipepala, ati amayi akusangalalira ofesiyo.

"Bambo, manja awa anali a chimbudzi!" anakalipa Zipora.

"Mayi, pachithunzipa chimbudzi mukuchiona?" anatero Abednego, nalavula.

Kolera itatseketsa msika, Zipora anatsimikiza zokagulitsira ku Nathenje. Anakulunga chiwaya chake chamwaye m'nyuzipepala ija, n'kuchilonga m'thumba.