Tayala Lophwa Loweruka Lililonse

Pali chinthu chimene Atuweni sanauzepo munthu, ngakhale m'pemphero: tayala lakumbuyo la njinga yake ankalibaya yekha.

Ankachita zimenezi Lachinayi lililonse akaweruka kusukulu, kuseri kwa khola la nkhuku. Ankachotsa phini pa yunifolomu n'kubaya pakati penipeni pa tayala, pamene munga ungalowere. Tayalalo linali lamakani. Maphini ankapindika, ena kuthyoka kumene. Komabe pofika Loweruka m'mawa linkakhala litaphweratu, ndipo iye ankakankha njinga m'misewu ya Torwood mpaka pansi pa mtengo wa mango, kwa a Manson.

A Manson anali nkhalamba yokonza njinga. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito kufakitale ya zitsulo, ndipo ng'anjo zitazima iwo anangotsala komweko. Akazi awo anamwalira. Ana awo anali ku Gweru, ndipo akati aimbe foni, inkakhala yachidule, m'Chishona.

Atuweni anali atangotha chaka chimodzi ku Torwood, chimwalirireni mayi ake ku Balaka. Azakhali ake a Mervis, amene anamutenga, nthawi zambiri ankakhala paulendo wokaoda katundu. Ana a azakhaliwo Chichewa ankangochimva patalipatali. Kusukulu akayesa Chishona, anzake ankabwereza mawu ake n'kufa nako kuseka, mpaka anazolowera kukhala duu. Sabata yonse lilime lake linkagona m'kamwa. Linkadzuka Loweruka.

Ulendo woyamba unali wa munga weniweni. A Manson atamva mmene anaperekera moni, anaika sipanala pansi.

"Iwe, kwanu n'kuti?" anafunsa m'Chichewa.

Atuweni anayankha misozi ili m'maso. Tsikulo anabwerera kunyumba dzuwa litapendeka.

Kuyambira pamenepo zinkayenda chimodzimodzi. "Kaike madzi a tiyi pamoto, muzukuru," ankatero a Manson, ndipo iye ankalowa m'nyumba. Potuluka ndi makapu awiri ankapeza tayala labwerera kale pamalo pake. Nkhalambayo inkapopa mpweya ikulangiza.

"Tayala lizikhala lolimba, lofewa limatsinidwa ndi limu. Usamadutse njira ya kuseri kwa fakitale, muli timawaya. Ukafika kunyumba zungulitsa gudumu, uzule minga isanalowe. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Umamva n'khutu liti, iwe? Sabata ndi sabata!"

Akatero ankaseka, n'kumaliza ndi kugwiragwira valavu ndi zala ziwiri, ngati akutsina khutu la mwana. Kenako nkhani zinkayamba. Kodi basi imaimabe pa Lizulu? Kodi mbatata ya kachewere ikadali yaikuluikulu ngati kale? Atuweni, amene kusukulu ankamuyesa wosayankhula, ankalongolola mpaka tiyi kuzizira.

Patatha miyezi inayi, azakhali anatopa nazo.

"Aiwa, madala aja manja anatha," anatero Lachisanu lina, akumanga zikwama. "Tayala limodzi kumangophwa chonchi? Ndawauza kale azimayi a kutchalitchi asamavutike kupititsako njinga zawo. Yakoyo Lolemba ipita kwa Simba, wokonza njinga wa kurenki ya mabasi, akaike chubu chatsopano. Kwa madala aja basi, kwatha."



M'mawa mwake Atuweni anakankha njinga komaliza. Pansi pa mango, pamene masiku onse pankatsamira njinga zinayi kapena zisanu, panalibe ndi imodzi yomwe. A Manson anakhala pa kreti yawo, manja ali pamaondo, beseni la madzi oyesera machubu lili gwa, louma.

"Makasitomala athawa," anatero akumwetulira mbali imodzi. "Akuti sindionanso. Kaike madzi a tiyi, muzukuru."

Atuweni sanasunthe. Anagwira chiwongolero mpaka zala kuwawa. Akanena, agogowa amuthamangitsa, ndipo Loweruka likhala ngati masiku ena onse. Akapanda kunena, Torwood yense apitiriza kuwanena kuti ntchito yawakanika, chikhalirecho wolakwa ndi iye.

"Agogo," anatero. "Si minga. Ndine. Ndimabaya ndekha ndi phini, Lachinayi lililonse. Ndimafuna ndizibwera kuno. Kulibenso kwina kumene ndimayankhula. Pepani, ndakuonongerani dzina."

A Manson anadzuka pang'onopang'ono, n'kutembenuza njinga miyendo m'mwamba. Kwa nthawi yoyamba anatsegula tayala iye akuona. Anasolola chubu n'kumuika m'manja.

Atuweni anachizungulitsa, kufunafuna zigamba za miyezi inayi. Anapeza chimodzi chokha, cha munga woyamba uja.

Nkhalambayo inapisanso dzanja m'tayala n'kutulutsa chinthu chachitali, chakuda, chochindikala: chidutswa cha lamba wa makina a mumgodi, chodulidwa bwinobwino kuzungulira tayala lonse. Nsonga zitatu za maphini zinali zitatsakamiramo.

"Lamba uyu ndinamuika tsiku loyamba lija. Munga sungadutse, nanji phini yako," anatero a Manson, maso ali pansi. "Ndine ndimasiya valavu yosamanga kuti mpweya uzituluka pang'onopang'ono, muzukuru. Ndinkaopa kuti subweranso."