Kampira ka Mlangizi

"Mum'patse mapilisi tizipita, shopu ndasiya yotsegula," anatero mayiwo, akukhazika mwana wawo wamkazi pampando. Mtsikanayo anali atatha miyezi iwiri akudzitsekera kuchipinda, osadya bwino, osalankhula ndi munthu.

Mlangizi wa za maganizo anatulutsa kampira kachikasu m'dirowa. "Muno wolankhula ndi yekhayo amene wagwira aka. Enafe timamvetsera."

"Ndiye bweretsani kuno."

"Ayambe mwana, mayi."

Mtsikanayo anakafinya kampirako. "Amayi, za unamwinozi munandisankhira ndinu. Ine ndikaona magazi ndimanjenjemera. Mtima wanga uli pokonza magalimoto."

Mayi anatsegula pakamwa, mlangizi n'kuloza kampira. Anatseka, akupumira m'mwamba ngati akwera phiri. Kampira katawafika anati, "Miyezi iwiri yonseyi nkhani yake masipanala? Ine ndimayesa mimba. Pita, koma ovololoyo uzikachapa wekha."

Mtsikanayo anaseka mpaka misozi.

Mayi anakolekera chikwama paphewa kuti azipita. Apo bambo a mwanayo, amene anali phee pakona chilowereni, anatambasula dzanja.

"Tandipatsaniko kampirako, amayi ake. Ndakadikira zaka makumi awiri."