M'mphepete mwa Zithunzi

"Zaka zitatu, aphunzitsi, palibe chayenda," anatero Yirgalem motopa, akukankhira zithunzi patebulo la a Wondimu ku Addis Ababa.

Tsiku ndi tsiku ankagwedeza maatomu ozizira ndi kuwala kwamphamvu kwa makina a leza, kuyatsa n'kuzimitsa, kudikira kuti ayambe kulowera kumodzi. Koma maatomuwo ankangozungulira n'kubwerera pomwe anali. Kalata yosiyira maphunziro inali kale m'chikwama.

A Wondimu anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa koyamba. "Maatomu apakati amatero, mwanawe. Oyenda amakhala m'mphepete. Nanga m'mphepete mwa zithunzizi muli kuti?"

Yirgalem anakhala pansi.

"Munkaoneka mizere ngati litsiro, ndiye ndinkadula n'kufufuta," anayankha motsitsa mawu. "Paja munkandiyamikira pagulu kuti zithunzi zanga n'zoyera kuposa za onse."